Mawu Oti Ndinyamule ku Ntchisi

Nachisaka, Dowa
9 Novembala 2024

Dave, mwana wa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Blantyre. Kuno tadzuka, kupatula bondo langa lija. Mvula yoyamba yagwa Lachiwiri, ndipo anthu ali kalikiliki ndi mizere. Mayi ako akuti moni.

Usadabwe kuti ndakulembera kalata ngati kale. Foni ndili nayo, koma nkhani iyi si ya pa foni. Ndapatsira Mayi Iness, aja amabwera ndi mtedza ku Limbe. Yankho lako uwapatse iwo omwewo, ndipo likhale papepala.

Nkhani ndi ya mkazi wako. Luckness anapita kwawo ku Ntchisi kukadikira, poti inali mimba yoyamba, ndipo mwezi wathawu mwana anabadwa atatisiya kale. Izi ukuzidziwa. Chimene sukuchidziwa n'chakuti Luckness wanenetsa kuti ku Blantyre sabwereranso. Azakhali ake, a Margareta, nkhoswe ya kuchikazi, anatsika phiri dzana kudzandiuza ine, nkhoswe yako, kuti banja lako lili m'madzi.

Anabwera ndi foni ya mkazi wako n'kundionetsa uthenga umene unatumiza tsiku la tsokalo. Ndinavala magalasi, ndinawerenga. Ndinawavula, kuwapukuta, n'kuwerenganso. Unalemba kuti, "It is what it is babe. We move." Basi. Pansi pake kachithunzi ka manja awiri opemphera.

Dave, ine Chingerezi ndaphunzitsa ku pulayimale mpaka tsitsi kuyera, usandiyese mbuli. Mawu amenewa ndikuwadziwa onse limodzilimodzi, koma ndikawaphatikiza sindikupezamo kanthu. Chili chomwe chili? Nanga chikanakhala chiyani, mbuzi? Ndipo tikusuntha kupita kuti, pamene mnzako ali chigonere pa bedi la kuchipatala? A Margareta anandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, inu mumamva Chizungu, mwana wanuyu akuti chiyani apa?" Ine ndinangoyamba kutsokomola.

Ntchito ya nkhoswe ukuidziwa, suja unandipempha wekha pa chinkhoswe chanu. Ine ndimanyamula mawu ako m'kamwa mwanga n'kukawatula pamaso pa eni mwana. Ndilibe katundu wina. Tsono ndilembere mawu oti ndinyamule ku Ntchisi, m'Chichewa chimene unayamwa, ofotokoza zimene zili mumtima mwako. Usachedwe, chifukwa a Margareta si munthu wodikira.

Ndine malume wako,
Yohane Kamtedza


Chilomoni, Blantyre
17 Novembala 2024

Ankolo,

Zikuyenda? Kuno bho, kungoti ntchito yachuluka heavy. Mafoni a makasitomala sakuduka, munthu kuyankha kuyambira m'mawa mpaka khutu kutentha. Kalata ndalandira, noted. Pepani za bondo.

Za Lucky, no worries. Honestly akungofuna space. Ndikamuimbira sakuyankha, ndiye ndangomusiya kaye kuti apume. At the end of the day ndi mkazi wanga, tikhala fine. Tchuthi ndipeza mwina mu Disembala, abwana akuti tiona.

Kwa a Margareta mukanene kuti my bad ngati uthenga uja sunawasangalatse, komanso sorry for the inconvenience. Sindinkafuna drama. Moni kwa amayi.

Shapu,
Dave


Nachisaka, Dowa
24 Novembala 2024

Dave,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino, osati chifukwa ndakondwa nawe. Tonse tili bwino. Chimanga chamera.

Choyamba, ine si ankolo. Ankolo ndi munthu aliyense wa imvi amene wakumana naye mu minibasi. Ine ndine malume wako, ndinabadwa mimba imodzi ndi mayi ako. Chachiwiri, mkazi wako anabatizidwa Luckness. Lucky ndi galu wa a Elisha kuseri kuno.

Kalata yako ndinaiwerenga nditakhala pansi, mwamwayi. Ndinakupempha mawu oti ndinyamule, iwe n'kunditumizira makoko. "No worries." Ndani wakuuza kuti palibe nkhawa? Nkhawa ilipo, ndi ine amene ndikugona nayo. "At the end of the day." Tsiku lake liti? Matsiku akutha tsiku ndi tsiku, mkazi wako ali kwawo. "Honestly." Ndiye kuti ukapanda kunena mawu amenewa umakhala ukunama? Nanga "my bad", abale inu, mwana wa sitandade 4 akanandilembera zimenezi ndikanamuzunguliza ndi cholembera chofiira mpaka pepala kubooka.

Komabe Lachisanu ndinakwera phiri. Ndinapeza a Margareta ayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, pamodzi ndi amayi ake a Luckness ndi mlongo wawo wina. Luckness sanakhale nafe. Anali kuseri kwa nkhokwe, akusenda mtedza wa mbewu.

Tsono ndikuuze zimene ndinachita, chifukwa unandikakamiza ndiwe. Sindikanatha kuima pamaso pa anthu oferedwa n'kunena kuti "my bad". Ndinatulutsa pepala lako, n'kumaliyang'ana ngati ndikuwerenga, koma ndikunena zanga. Ndinati mwana wathu akuti wagwada pansi, mtima wake wasweka, chakudya sichikulowa, akupempha chikhululuko kwa makolo ndi kwa mkazi wake. Ndinayankhula bwino, osanama ayi. Amayi ake a Luckness anafika popukuta misozi.

Kenaka tinangomva mawu kuseri kwa nkhokwe kuja. "Amalume, pepani kulowerera za akuluakulu. Mawu amenewo ndi okoma, koma ndi anu. A Dave sanayankhulepo choncho chibadwire."

A Margareta anangotambasula dzanja. "Aphunzitsi, tapatseni pepalalo." Ndikanakana bwanji? Anamuitana Luckness, poti anafika Fomu 4, kuti awerenge mokweza n'kumamasulira. Anawerenga zonse, osalumpha. Atafika pa "sorry for the inconvenience" anaima. A Margareta anafunsa tanthauzo lake. Iye anati, "Ndi mawu amene amauza makasitomala ku ntchito, netiweki ikavuta." Anapinda pepala, kundibwezera ndi manja awiri, n'kubwerera ku mtedza wake.

Dave, ine ndakalamba osachitapo manyazi ngati a tsiku limenelo. Anandipatsa nkhuku yoti ndidye, ndinaidya ngati ndikutafuna chiguduli. Tsopano ku Ntchisi ndikudziwika kuti ndine nkhoswe yonama, chifukwa cha iwe.

Ndikupemphanso kachiwiri. Khala pansi, zimitsa foniyo, lemba ngati munthu amene ali ndi mkazi. Mawu amene umadyera ku ntchito uwasiye ku ntchito komweko.

Malume wako,
Yohane


Kwa Mphanda, Ntchisi
8 Disembala 2024

Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi apongozi anga. Kuno tili bwino, thupi likubwerera pang'onopang'ono. Ndayamba kupita kumunda.

Ndalemba kuti ndipepese. Sindinafune kukuchititsani manyazi pamaso pa azakhali. Ndikudziwa munachita zija pofuna kutithandiza. Koma ndikanakhala chete, ndikanabwerera ku Blantyre chifukwa cha mawu a munthu wina, n'kukapeza yemwe uja wa "we move". Chonde musadzawakometserenso.

Musaganize kuti ndakwiya ndi Chingerezi. Inenso ndimati "fine" anthu akandifunsa. Koma amalume, ndikuuzeni poti ndinu nkhoswe. Nditatuluka m'chipatala, amayi akuluakulu anatenga mwana n'kukamuika okha, monga mwa mwambo. Anandiuza kuti ndisalire mokweza, ndisamutchule, ndingoiwala, Mulungu apatsanso. Patapita masiku mkaka unayamba kutuluka, anandimanga nsalu pachifuwa. Mudzi wonse ukundiyankhula za mvula ndi za fetereza ngati ndinangopita ku Boma kukagula mchere. Sindikuwadandaula, ndi mmene anaphunzirira.

Ndinkadikira munthu mmodzi yekha, mwini mwana mnzanga, kuti andifunse. Zinayenda bwanji? Unamuona? Unamva kuwawa? Mpaka lero sanafunse. Akaimba foni amati, "Hi babe, uli bho?" Ndiyankhe kuti chiyani? N'chifukwa chake ndinasiya kuyankha.

Akuti ndikufuna space. Amalume, malo kuno alipo ambiri, phiri lonseli. Si chimene ndikusowa.

Ngati mwanayo kwa iwo sanali kanthu, anene, ndidziwe, ndikhale kwathu. Sindingathe kukagona nyumba imodzi ndi munthu amene ndikulira ndekha iye akuti tizipita chitsogolo. Azakhali akuti tidikire Khirisimasi idutse, kenaka aitanitsa bwalo la ankhoswe.

Ine mpongozi wanu,
Luckness


Chilomoni, Blantyre
20 Disembala 2024

Amalume,

Mwaona, ndalemba amalume. Kalata yanu ya Novembala yandipeza mochedwa, Mayi Iness akuti anali kubzala. Ndamva zonse, noted with thanks. Koma musamazitengere serious choncho, BP ingakwere.

Tchuthi chakanika, nyengo ya zikondwerero ino makasitomala achuluka. It is what it is. Ndiye ndaganiza zochita action m'malo mwa mawu. Ndapatsira Mayi Iness zitenje ziwiri za Luckness, shuga ndi sopo za a Margareta, ndi foni yatsopano, mwina yakale ija ndi imene ikuvuta poyankha. Mukapereke ndinu, munene kuti ndi surprise. Chaka chatsopano, chiyambi chatsopano, good vibes only.

Inu ndakuikiranimo mafuta opaka pa bondo.

Khirisimasi yabwino,
Dave


Nachisaka, Dowa
12 Januwale 2025

Dave,

Chaka chabwino, ngati chili chabwino kumeneko. Kuno mvula yakwana, fodya wakula, koma misewu yatha. Mafuta a bondo ndalandira, zikomo. Tsopano tamvera.

Katundu wako ndinakwera naye phiri pa kabaza. Pa mtsetse wina njinga inaterereka, ine uko, shuga uko, zitenje m'matope. Ndili gone m'ngalande, mwini kabaza akundiyang'ana n'kunena kuti, "No worries madala." Ndinatsala pang'ono kumumenya ndi sopo. Matendawa afika mpaka kuno, Dave! Mlangizi wa zaulimi anabwera kudzatiuza za mbozi m'chimanga, "at the end of the day" anainena mpaka tsiku linathadi, mankhwala osatchula. Wapampando wa kwaya akuti "basically" asanayambe chiganizo chilichonse. Mdzukulu wa a Elisha ndinamuuza kuti agogo ake agonekedwa ku chipatala, iye akuti "oh okay, cool." Anthu mwatani kodi? Pakamwa pakuyenda, koma munthu mulibemo.

Ndinafika kwa Mphanda ndili matope okhaokha. A Margareta analandira shuga, poti shuga sakanidwa. Zitenje anati zichapidwe. Foni Luckness sanaitsegule n'komwe m'bokosi. Anati, "Yakale ija ikugwira bwinobwino, amalume." Andibwezera, ili pamwamba pa kabati kwanga kuno. Za "good vibes only" sindinanene, ndipo ukandikakamiza kumasulira zimenezo ndidzakutumizira unkhoswe wako pa basi.

Tsopano nkhani ndi iyi. A Margareta aitanitsa bwalo Lamulungu pa 2 Febuluwale, Misa ikatha. Anena poyera kuti ngati ndibwera ndi zangazanga kapena ndi Chizungu cha pa foni, tikambirana zogawana katundu wa m'nyumba, basi. Sakuopseza. Mayi ako sakudya chifukwa cha nkhaniyi.

Luckness anandilembera kalata mwezi watha. Ndinkati ndiisunge, poti analembera ine, koma ndatopa kukhala pakati ngati chitseko. Ndaiika muno momwe ilili. Uiwerenge. Ukandiyankha kuti "noted", usadzanditchulenso malume, ngakhale ankolo amene.

Kodi iwe, mwana uja anali wako kapena ayi? Chikukuvuta n'chiyani kutsegula pakamwa ngati munthu?

Yohane


Chilomoni, Blantyre
21 Januwale 2025

Amalume,

Ndalandira makalata onse awiri. Ya Luckness ndaiwerenga kambirimbiri. Lero sindinapite ku ntchito.

Mwandifunsa chimene chikundivuta kutsegula pakamwa. Ndikuyankhani, koma musakwiye, chifukwa inunso muli momwemo.

Tsiku lija munandiimbira ndinu. Unali masana, ndili pa shift. Ndinatuluka panja pa makwerero. Munati, "Dave, zavuta. Mayi ali moyo, koma mwana ayi. Ndi nthayo." Ndinati ndikwera basi madzulo omwewo. Mukukumbukira zimene munayankha? Munati, "Usabwere. Nthayo si maliro. Amakaika amayi okhaokha, mwamuna sapitako, safunsa, salira. Ukabwera udzangosokoneza anthu. Limba mtima, ndiwe mwamuna." Ndinaimbira amayi, iwonso anati zomwezo, n'kuwonjezera kuti ndisamukumbutse Luckness, ndingamudwalitse.

Ndinabwerera pa mpando wanga, n'kuvala zomvera m'makutu. Kasitomala woyamba ankakalipa za mayunitsi ake. Ndinamuuza kuti "no worries". Ndinaona kuti mawu amenewa ndikutha kuwanena osanjenjemera. Ndiye ndakhala ndikuwanena kuyambira tsiku limenelo.

Mukuti ndilembe m'Chichewa chimene ndinayamwa. Chabwino. Ndipatseni mawu ake. Munthu wamkulu akamwalira ndimadziwa chonena, munandiphunzitsa ndinu, ndimadziwa pokhala, ndimadziwa nyimbo zake. Nanga bambo wa mwana amene mukuti si maliro amati chiyani? Munandiuza zoti ndisanene zokhazokha. Uthenga uja ndinaulemba ndi kuufufuta mpaka batire kutsala pang'ono kutha. Chilichonse cha Chichewa chimene ndinkalemba chinkamutchula mwanayo, ndipo munati ndisamutchule. Ndinatumiza zopusa zija chifukwa zinalibe kanthu m'kati. Ndikudziwa kuti ndi zopusa, amalume, sindine chitsiru.

Tsono nawa mawu oti munyamule. Musakometse.

Mukamuuze Luckness kuti beseni la buluu ndi shawelo zimene tinagula ku Limbe zili pansi pa bedi, m'pepala lake lomwe lija. Sindinathe kuzitaya, sindinathenso kuziyang'ana, ndimasesa mozungulira. Mukamuuze kuti ndinali nditamupatsa kale dzina mwanayo, Chiko, poti limakwana mnyamata ndi mtsikana yemwe, ndipo ndinkadikira kuti abadwe ndidzamuuze. Mukamuuze kuti ndimalira m'bafa, madzi akutuluka, kuti anzanga a nyumba yoyandikana asamve. Mukamuuze kuti ndinamusiya yekha pa nthawi imene ankandifuna, ndipo ndalakwa, ndalakwa kwambiri. Ndinkaopa kuti ndikamufunsa ndimupweteka, osadziwa kuti kusafunsako ndiye kukumupha.

Ndipo mukamufunse funso ili, chifukwa palibe anandiuza, inenso ndinkaopa kufunsa. Mwana wanga anali mnyamata kapena mtsikana?

Ngati akufunabe kukhala kwawo, sindimuletsa. Koma asakhale poganiza kuti mwanayo kwa ine sanali kanthu.

Ine,
Dave


Nachisaka, Dowa
3 Febuluwale 2025

Dave, mwana wanga,

Tili bwino. Ndalemba mwachangu poti Mayi Iness anyamuka mawa m'mawa.

Dzulo ndinakwera phiri wapansi, kabaza ndinakana. Bwalo linakhala m'nyumba chifukwa cha mvula. Ulendo uno Luckness anakhala nafe, pafupi ndi khomo.

Kalata yako ndinaiwerenga mokweza, kuyambira pamwamba, ndi pamene ukundinena ine pomwe. Ndinaganiza zolumpha pamenepo, koma a Margareta anali atandiyang'anitsitsa pakamwa. Mawu aja ndinakuuzadi. Ndi amene anandiuza malume anga, inenso ndinangokupatsira osawayang'ana m'kati. Miyezi yonseyi ndakhala ndikukalipira makoko ako, osaona kuti oyamba ndinakupatsa ndine. Zandiwawa, ndipo sindikuuza kuti sizinandiwawe.

Nditafika pa beseni mawu anandithawa. Ine, munthu woti ndinkayankhula pa asembule popanda chimkuzamawu. Luckness anadzuka, kutenga pepala m'manja mwanga, n'kumaliza yekha chamumtima. Atafika pa funso lako anatuluka nalo panja, pa mvula. Zotsala za m'kalatamo ndinawauza a Margareta pakamwa.

A Margareta anati mwambo ndi mwambo, mwamuna sapita kumene anaika nthayo, ndipo dzina sapatsa. Ine ndinati kupitako asapite, koma kufunsa mkazi wake analetsa ndani? Tinakangana mpaka tiyi kuzizira. Mayi uja ndi wovuta, Dave, sindinaonepo. Pomaliza anati za katundu tisiye kaye, mwini wake Luckness ayankhe yekha. Yankho lake sindikulidziwa. Wati alemba, ndipo sadzera kwa ine.

Chinthu chimodzi. M'kalata yonse ija munali liwu limodzi losafunikira, "shift". Ukanatha kunena kuti unali pa ntchito. Koma ndakukhululukira.

Malume wako,
Yohane


Kwa Mphanda, Ntchisi
9 Febuluwale 2025

A Dave,

Ndili bwino. Ndikhulupirira inunso.

Kalata yanu ndili nayo, inanyowa pang'ono koma ikuwerengeka. Ndakwiyabe nanu, musaganize kuti zatha. Munamvera amalume, munamvera amayi anu, ine simunandifunse. Miyezi inayi, a Dave! Mukanangoimba n'kukhala chete pa foni, ndikanamva.

Anali mtsikana. Anamwino anandilola kumunyamula pang'ono asanamutenge. Anali ndi tsitsi lambiri, lakuda bii, ndi makutu ang'onoang'ono opindika pamwamba ngati anu. Zala zake zinali zonse, ndinaziona chimodzichimodzi. Ankaoneka ngati wagona. Zimenezi sindinauzepo munthu aliyense, ndinkasungira inu.

Ku Blantyre sindibwera ndekha, ndipo musatumenso amalume, bondo lawo latha ndi phiri lino. Bwerani inuyo. Abwana anu akakana, muwauze kuti munaferedwa, chifukwa munaferedwadi. Azakhali akuti kumene anamuika simungapiteko, ndipo sindilimbana nawo. Koma kumunda kwathu kuli mwala waukulu, ukakhala pamenepo mtengo wa pamene anamuikapo umaoneka kutsidya kwa dambo. Ine ndimakhala pamenepo ndikatopa ndi kupalira. Malo a anthu awiri alipo.

Shawelo ija mubwere nayo. Beseni lisiyeni pomwepo.

Ine,
Amake Chiko